Wofuna Nyanja M'nyumba Ayambe Waphunzira Kudekha

M'maiko a ku Ulaya, ku America, ku Japan ndi m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa muli anthu amene amaweta nsomba za m'nyanja ya mcere m'kati mwa nyumba zao. Nsombazo sadya ndiponso sagulitsa. Amaziika m'thanki yaikulu ya galasi imene imakhala m'cipinda cocezera, kuti a pabanja ndi alendo aziona kukongola kwake ndi kasambiridwe kake. Thanki yotere azungu amaicha akwariyamu. Munthu wa kumudzi ku Katete kapena ku Petauke, amene kwa iye nsomba ndi ndiwo basi, akamva zimenezi angaseke ndi kunena kuti ndalama zikaculuka zimasowetsa munthu cocita. Kusekako nkomveka, koma nkhaniyi iri ndi mbali ina yosaseketsa. Nsomba zimene zimafera m'mathanki amenewa zimacokera ku nyanja zimene zimadyetsa anthu osauka, ndipo zambiri zimafa cifukwa ca phuma la mwini thanki.

Motero cimene ciyenera kunenedwa poyera ndi cakuti munthu wopanda mtima wodikira, ngakhale ndalama zake zidzaze nkhokwe, sayenera kuiyamba nchito imeneyi. Kukonza thanki yakale ndi kuikhazika bwino kumafuna nzeru ndi ndalama, koma coposa zonse kumafuna milungu yambiri yongoyembekezera, ndipo milunguyo siigulidwa m'sitolo.

Mwambo umenewu si wa dzulo. M'caka ca 1853 ku malo osungirako nyama a mumzinda wa London anatsegula nyumba yoyamba yoti anthu azionamo nsomba zamoyo m'mathanki a galasi, ndipo caka cotsatira Philip Henry Gosse analemba buku limene linafalitsa dzina lakuti akwariyamu. Masiku amenewo madzi ankacita kukawatunga ku nyanja ndi kuwanyamula m'migolo, cotero oweta anali owerengeka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mcere wosakaniza kale wa m'mapaketi unayamba kupezeka m'masitolo, ndipo ndege zinali kunyamula nsomba zamoyo m'matumba a pulasitiki odzaza madzi ndi mpweya. Kucokera pamenepo ngakhale munthu wokhala kutali ndi nyanja anatha kudzipangira kanyanja kake. Kugula kunapepuka, koma zofuna za nsomba sizinasinthe ngakhale pang'ono.

Kulemera kwa madzi

Thanki imene oweta amaiyesa yaikulu imakhala ya masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu. Thanki yotere imalowa malita pafupifupi 650, ndiko kuti madiramu atatu ndi pang'ono, kapena zigubu 32 za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo madzi a mcere amaposerapo pang'ono. Magalasi okhaokha amapitirira makilogalamu 100. Kuphatikizapo miyala, mcenga, cokhazikapo ndi thanki ina yaing'ono imene imakhala pansi yosefera madzi, katundu yense amayandikira tani imodzi. Mlimi amene anasenzapo matumba a cimanga adziwa tanthauzo lake: ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, ounjikidwa pa malo ocepa kuposa mphasa.

Popeza thanki yatsopano ya msinkhu umenewu ndi yodula kwambiri, ambiri amagula yakale kwa munthu amene watopa nayo. Mtengo wake umakhala wotsika, magalasi amawala akawapukuta, ndipo wogula amaganiza kuti watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Thanki imene yakhala zaka zambiri, makamaka ngati inasiyidwa youma m'galaja kapena padzuwa, imakhala itafooka pa malo amene maso a munthu waphuma safikapo.

Magalasi a thanki sagwirana ndi misomali kapena mabauti. Cimene cimawagwira ndi silikoni, comatira conga mphira cimene cimauma koma cosalimba gwa. Silikoniyo ali pa malo awiri. Woyamba ali pakati penipeni pamene galasi lina likumana ndi linzake, ndipo ndiye amasenza mphamvu yonse ya madzi, imene imakula kwambiri ca kumunsi. Waciwiri ndi mzere wokhuthala wa m'makona m'kati mwa thanki, umene umachinga woyamba uja kuti madzi ndi ndere zisamufike. Munthu waphuma akaona dontho pa kona amapaka silikoni watsopano pamwamba pa wakale, nanena kuti nchito yatha. Koma silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Kucita motero kuli ngati kuzira dothi latsopano pa khoma limene ciswe cadya kale m'kati: kunja kumasalala, nyumba nikugwa ndi mvula yoyamba.

Mmisiri weniweni amayamba ndi kuyang'ana mzere wa pakati pa magalasi mwa kuunika ndi toci. Ngati mzerewo uli wangwiro, amapala silikoni yense wa m'makona ndi lumo latsopano, mosamala kuti lumo lisalowe pakati pa magalasi, kenaka amapukuta ndi sipiriti kufikira pasatsale kacidutswa kapena mafuta a zala. Akatero amapaka mizere yonse nthawi imodzi osapumira, pakuti silikoni amayamba kuuma pamwamba patangopita mphindi zocepa. Koma ngati mzere wa pakatiwo waonetsa tithobvu kapena wayera ngati phulusa, ndiye kuti magalasi ayamba kulekana, ndipo palibe njira yacidule: thanki yonse iyenera kumasulidwa galasi ndi galasi ndi kumangidwanso. Galasi long'aluka saikapo cigamba. Amalicotsa ndi kuikapo lina lokhuthala mofanana, limene pa thanki ya msinkhu umenewu ndi la mamilimita 12 kapena kuposerapo. Mtanda wa pamwamba, umene umaletsa magalasi aatali kupindikira kunja, ena amaudula poti ukuipitsa maonekedwe. Wocita zimenezi wacotsa mzati m'nyumba.

Pali zinthu zina ziwiri zimene wokonza ayenera kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Coyamba ndi mtundu wa silikoni. Amene amagulitsidwa kuti azimatira m'mabafa kawiri kawiri amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwalawo ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi. Caciwiri ndi mbiri ya thankiyo. Mankhwala ena ocizira nsomba amapangidwa ndi kopa, ndipo kopayo amalowerera m'miyala ndi mumcenga. Nsomba zimapirira kopa wocepa, koma nkhono, nkhanu ndi makorali zimafa. Amene walandira miyala yakale ngati basela osafunsa angakhale walandira imfa ya ziweto zake.

Akatha kumata, mmisiri amadikira mlungu wathunthu kuti silikoni aume kufikira m'kati. Pambuyo pake amatulutsa thanki panja pa malo olingana, amayala manyuzipepala pansi pake, nathira madzi wamba pang'onopang'ono, lero kufika pa theka, mawa kudzaza. Amaisiya masiku angapo akuyang'ana ngati pepala lanyowa. Apa mpamene ambiri amagonja, poti mtima uli kale pa nsomba. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo malita 650 a madzi a mcere akatayikira m'cipinda amaononga mipando, makoma ndi waya za magetsi, nsomba nizifera pansi usiku eni nyumba ali mtulo.

Asaganize munthu kuti ngozi yotere imagwera osadziwa okha. Pa 16 Disembala 2022, m'bandakuca, mumzinda wa Berlin ku Germany inaphulika thanki yochuka yochedwa AquaDom, imene inaimirira pakati pa hotela kuyambira mu 2003. Munali malita 1 miliyoni a madzi a mcere ndi nsomba pafupifupi 1,500. Madziwo anaswa zitseko nasefukira mumseu, anthu awiri anabvulala, ndipo pafupifupi nsomba zonse za m'thankiyo zinafa. Cikhala kuti zinacitika masana, pamene alendo amadzaza pamalopo, maliro akadaculuka. Ngati thanki yomangidwa ndi akatswiri ndi kuyang'aniridwa tsiku ndi tsiku inatha kuphulika, nanga bwanji ya m'galaja yomatidwa madzulo amodzi?

Cokhazikapo naco cimafuna maso. Ciyenera kukhala pa simenti yolimba, ndipo ngati pansi pa nyumba ndi pa matabwa, mmisiri womanga ayambe waona ngati pangasenze tani. Pamwamba pake payenera kupimidwa ndi levulo mbali zonse, cifukwa thanki yopendekeka imakankhira mphamvu ya madzi ku kona imodzi, ndipo konayo idzatseguka ngakhale papite caka. Citsulo cosapakidwa bwino cimadyedwa msanga ndi dzimbiri cifukwa ca mcere. Madzi a mcere amanyamulanso magetsi kuposa madzi wamba, cotero nyumba iyenera kukhala ndi cida cozimitsa magetsi cokha zinthu zikalakwika, ndipo nthambo iri yonse izilendewera pansi isanakwere ku soketi, kuti dontho lotsata nthambo ligwere pansi.

Madzi ayambe, nsomba pambuyo

Galasi likakhala bwino mpamene nchito yeniyeni imayamba, pakuti woweta nsomba za m'nyanja kwenikweni amaweta madzi. M'lita iri yonse ya madzi a m'nyanja yaikulu muli magalamu pafupifupi 35 a mcere, cotero thanki ya malita 650 imafuna makilogalamu oposa 20. Mcerewo si wa pa ndiwo ai. Madzi a m'nyanja ali ndi miyala ina yosungunuka, monga ija imene nkhono ndi makorali zimamangira zigoba zake, ndipo mcere wa m'mapaketi a oweta unapangidwa motsanzira zonsezo. Madzi osungunulira nawonso ayenera kusefedwa ndi makina kufikira atayera kotheratu, popeza a pampopi amakhala ndi mankhwala ophera tizilombo ndi zina zimene zimameretsa ndere. Kutentha kwake kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 26, usana ndi usiku, m'cisanu ca Juni ndi m'dzuwa la Okutobala momwe.

Pali cinthu cimodzi cimene anthu ophika mcere ku Kaputa amacidziwa bwino koma oweta atsopano amaciiwala. Madzi akauma, mcere umatsala. Thanki yaikulu imataya malita angapo tsiku liri lonse, ndipo amene abwezeramo madzi a mcere amaonjeza ukali wa madziwo kufikira nsomba zitafooka. Madzi obwezera amene auma ayenera kukhala opanda mcere. Ndi lamulo laling'ono, koma lapha nsomba zambiri.

Lamulo lalikulu koposa ndi ili. Nsomba iri yonse imatulutsa amoniya m'madzi, ndipo cakudya cotsala cikabvunda cimatulutsanso yemweyo. Amoniya ndiye fungo lija lolasa m'mphuno limene limamveka m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja yaikulu amasungunuka ndi kutha mphamvu, koma m'thanki alibe kopita, ndipo ngakhale wocepa kwambiri amaocha ziwalo zimene nsomba imapumira. Cimene cimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'timaenje ta miyala ndi mumcenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene nayenso ndi woipa. Gulu laciwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, yemwe uja alimi amamdziwa m'fataleza wobereketsa, ndipo ameneyu nsomba zimampirira ngati sanaculuke.

Tizilomboti m'thanki yatsopano mulibe tokwanira. Tiyenera kuswana, ndipo kuswanako kumatenga milungu 4 kufikira 6, nthawi zina kuposerapo. Nthawi yonseyi thanki imakhala ndi madzi, miyala ndi mcenga basi, mapampu akuzungulitsa madzi, mwini wake akuthiramo kacakudya pang'ono kodyetsa tizilombo ndi kupima madzi ndi timabotolo ta mankhwala. Amoniya amakwera kenaka natsika, naitiraiti amakwera kenaka natsika, ndipo zonse ziwiri zikafika posaoneka mpamene nsomba yoyamba ingalowe. Madzi oyera mbee si umboni wa kanthu, pakuti amoniya alibe mtundu. Munthu amene wamwaza ndalama zambiri amacita manyazi alendo akamfunsa kuti nsomba ziri kuti, ndipo manyazi amenewo ndiwo amamtumiza ku sitolo nthawi isanakwane. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ngakhale nthawi itakwana, nsomba sizilowa zonse tsiku limodzi. Zimalowa ziwiri kapena zitatu, papite milungu, kuti tizilombo tija ticuluke molingana ndi zinyalala zatsopano. Ndiponso monga mwini ng'ombe wocenjera saphatikiza ng'ombe yogula lero ndi za m'khola asanaione ngati iri bwino, woweta nsomba amasunga yatsopano m'kathanki kapadera kwa mwezi. Pali nthenda ya timadontho toyera pa khungu la nsomba imene ikalowa m'thanki yaikulu imafalikira msanga, ndipo kuti ithe pamafunika kucotsamo nsomba zonse kwa milungu yambiri. Pambuyo pa zonsezi nchito siitha. Cakudya cizikhala cimene nsomba zingamalize m'mphindi zocepa. Cida copanga thobvu, cimene cimakoka zinyalala monga mmene mafunde amazitayira ku gombe, cizitsukidwa. Mlungu uli wonse kapena iwiri gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi licotsedwe ndi kuikamo atsopano, ndiwo malita 65 osakaniza ndi kupima. Walira mvula walira matope.

Ndipo zonsezi zimadalira magetsi. Mapampu akaima, mpweya umacepa m'madzi patangopita maola owerengeka, nsomba ndi tizilombo tothandiza tija nkuyamba kufa. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, nyumba zambiri mu Zambia zinkakhala mumdima gawo lalikulu la tsiku kwa miyezi yambiri. Munthu wa ku Lusaka kapena ku Migodi amene angakhumbire thanki yotere ataiona kwa anzake ku Johannesburg kapena pa foni, ayambe wawerengera mabatire, sola kapena jenereta. Apo ai, akugula manda a galasi.

Kumene nsombazo zimacokera

Wina anganene kuti ndalama nzake, nsomba nzake, zikafa waluza yekha, ndipo ena alibe nazo kanthu. Mau amenewa akadamveka cikhala kuti nsombazo zimaswedwa monga nkhuku. Nsomba zokongoletsa za m'madzi opanda mcere zambiri zimaswedwadi m'maiwe, koma za m'madzi a mcere zoculuka zimagwidwa m'nyanja momwemo, m'matanthwe a makorali. M'caka ca 2003 nthambi ya United Nations yoona za cilengedwe inalengeza kuti nsomba zotere zokwana mamiliyoni 20 kufikira 24 zinkagulitsidwa caka ndi caka, za mitundu 1,471, ndipo zambiri zinkacokera ku Indonesia ndi ku Philippines. Ku gombe la Kenya nakonso kuli asodzi a nchito imeneyi. Nsomba iri yonse imene yafa cifukwa ca phuma imatumiza mwini wake ku sitolo, sitolo niitanitsa ina, msodzi nalowanso m'madzi.

Kugwirako nthawi zina kumakhala koipa. Ku Philippines, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, asodzi ena anazolowera kupopera poizoni wa cyanide m'mapanga a makorali kuti nsomba zikomoke ndi kugwidwa mosabvuta. Njira imeneyi ndi yoletsedwa ndi malamulo, koma siinatheretu. Awerengi amene anaona mtsinje wothiridwa mankhwala ophera nsomba adziwa zotsatira zake: zimafa zazikulu ndi zazing'ono, zofunika ndi zosafunika. Cyanide amaphanso makorali, amene ali ngati nkhalango m'mene nsomba zodyedwa zimaswanirana ndi kubisala. Nsomba yogwidwa motero imafika ku sitolo ikuoneka bwino, koma zambiri zimafa patapita masiku. Kansomba kena kamizeremizere kopezeka ku zisumbu za Banggai ku Indonesia kanayamba kugulitsidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo pofika mu 2007 kanalembedwa m'gulu la zamoyo zimene ziri pa ngozi ya kutha.

Kodi tsono malonda amenewa angoletsedwa onse? Kuteroko kungalange msodzi wosauka amene amagwira bwino ndi kaukonde ka m'manja. Cilengezo ca 2003 cija cinaonetsa kuti ku zisumbu za Maldives, m'caka ca 2000, kilogalamu imodzi ya nsomba zokongoletsa inkagulidwa pafupifupi madola 500 a ku America, pamene kilogalamu ya nsomba za ndiwo za m'matanthwe omwewo inali madola 6. Ndiko kuti banja lingadye ndi kuphunzitsa ana mwa kugwira nsomba zocepa, ndipo mudzi umene umapindula ndi makorali amoyo uli ndi cifukwa cowasungira. Colakwa si malondawo ai, koma wogula wosafunsa ndi woweta wosadikira. Lero wogula ali ndi posankha. Kansomba kofiirira ka mizere yoyera kochedwa clownfish kamaswedwa m'mathanki kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ka ku Banggai kaja nakonso kamaswedwa mosabvuta, ndipo mu 2015 akatswiri a ku Hawaii anakhoza kuswetsa kansomba kacikasu kochedwa yellow tang, kamene kale kankangogwidwa m'nyanja. Wogula amene amafunsa kumene nsomba yacokera, nasankha yoswedwa ngakhale idule, amathandiza nyanja kuposa mau ambiri a pa msonkhano.

Ngongole yotsiriza imabwera tsiku limene munthu watopa ndi thanki yake. Ena poganiza kuti akucita cifundo amakataya nsomba ndi zomera zake m'madzi apafupi. Nsomba yaminga yaululu yochedwa lionfish, imene kwao ndi ku nyanja za India ndi Pacific, inaoneka ku gombe la Florida ku America mu 1985, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti inacokera m'mathanki a m'nyumba. Popeza kumeneko iribe adani okwanira, yafalikira m'nyanja yonse ya Caribbean, kumene imadya tiana ta nsomba zimene asodzi amadalira. Dziko la Zambia liri ndi citsanzo cake ca camoyo cacilendo. Udzu woyandama wochedwa Salvinia, umene kwao ndi ku Brazil ndipo unafalikira m'maiko ambiri monga cokongoletsa ca m'maiwe ndi m'mathanki, unaoneka pa Kariba mu 1959, ndipo pofika mu 1962 unali utaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanjayo, nutsekereza mabwato ndi maukonde. Camoyo ca m'thanki cipatsidwe kwa woweta wina kapena cibwezedwe ku sitolo. Mumtsinje ndi m'nyanja si motayira.

Dziko la Zambia liribe nyanja ya mcere, ndipo mwa awerengi 1,000 mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakhala ndi thanki yotere. Koma pa malonda a nsomba zokongoletsa dziko lino liri ku mbali ya asodzi. Ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, kuli anthu amene amamira ndi kugwira tinsomba tokongola ta m'miyala timene timatumizidwa amoyo ku maiko akunja, monganso mbuna za m'nyanja ya Malawi. Tinsombati nta m'madzi opanda mcere, koma njira yake ndi yomweyo: thumba, ndege, sitolo ndi galasi la m'cipinda cocezera. Mitundu yambiri ya tinsombati siipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo ina imakhala pa gombe limodzi lokha la miyala. Cotero kusamala kapena kusasamala kwa woweta wa ku Ulaya kumafika mpaka ku Mpulungu.

Mlimi amene wakumba dziwe la nsomba m'dimba naye lamulo la madzi limamkhudza, ngakhale dziwe lake nda dothi. Wothira tiana ta nsomba tsiku limene madzi alowa, asanabiriwire ndi manyowa, wafanana ndi wa thanki uja. Wodzaza nsomba zambiri m'dziwe laling'ono, kapena wothira gaga wosatha kudyedwa, adzapeza nsomba zake m'mamawa zikuyasama pamwamba pa madzi posowa mpweya. Alangizi a za nsomba amanena zimenezi kawiri kawiri, ndipo amene amawamvera amakolola.

Tsono munthu wofuna nyanja m'nyumba mwake asaletsedwe, koma adziwe cimene akusenza. Apale silikoni wakale yense, adikire mlungu. Ayese thanki panja, adikire masiku. Athire madzi, adikire mwezi ndi theka. Agule nsomba yodziwika kumene yacokera, adikirenso mwezi isanalowe. Alendo akamseka kuti wagula galasi losungiramo miyala, apirire, pakuti thanki yopanda nsomba kwa milungu 6 siicititsa manyazi monga ndowa ya nsomba zakufa. Amene aona kuti kudikira konseku sangakuthe, ndalama zake agulire cina, ndipo nsomba azisiye m'makorali mmene zinabadwira.